Mlendo pa Benchi ya Chipatala: Mafunso ndi Mayankho

Chichokereni August 2021, pamene a Taliban analanda mzinda wa Kabul, zipatala za ku Britain, Germany, Canada ndi America zakhala zikuphunzitsa madokotala ndi anamwino kalandiridwe ka odwala ochokera ku Afghanistan. Amaphunzira za chinenero, chipembedzo, manyazi, chakudya ndi maliro. Munthu wa ku Bangwe akhoza kunena kuti zimenezo n'za eni ake. Koma pa benchi ya ku chipatala cha Queens m'mawa wa Lolemba pamakhalanso anthu amene adokotala sawamva, ndi ena amene amangogwedeza mutu osamva chimene adokotala anena.

Kodi ku Malawi kuno kuli anthu othawa ku Afghanistan?

Sali m'gulu la mitundu imene yachuluka kuno. Othawa kwawo ambiri m'dziko muno ndi a ku Democratic Republic of Congo, kenaka a ku Burundi ndi Rwanda, ndi ochepa a ku Somalia ndi Ethiopia. Kwawo ndi ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene kunali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, n'kusanduka msasa mu 1994. Malowo anawakonzera anthu 10,000 mpaka 12,000, koma lero muli opitirira 50,000. Mu Africa muno, Uganda inalandira anthu 51 a ku Afghanistan pa 25 August 2021, ndipo Rwanda inalandira atsikana a sukulu ya SOLA pamodzi ndi aphunzitsi ndi abale awo, onse pafupifupi 250.

Komabe dera lakutalilo linatigogodera kale pakhomo. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo atakapima kachilomboko anapeza kuti n'ka mtundu umene unkazungulira ku Pakistan. Pakistan ndi Afghanistan ndi mayiko awiri okha amene poliyo wamtunduwu sanatheretu. Chaka chomwecho ana 8 anapezeka naye ku Tete. Alangizi a zaumoyo aja munawaona akuyenda khomo ndi khomo ku Ndirande ndi Machinjiri, kudonthezera ana katemera mkamwa, ankazimitsa moto umene unayakira ku Pakistan.

A ku Afghanistan anathawa chiyani, nanga dokotala mbiri imeneyo aitani nayo?

Anathawa nkhondo ya zaka zopitirira 40. Asilikali a Soviet Union analowa m'dzikolo mu December 1979 n'kutuluka mu February 1989. Kunatsatira nkhondo yapachiweniweni, ulamuliro woyamba wa a Taliban kuyambira 1996 mpaka 2001, kenaka zaka 20 za asilikali a America ndi anzawo. Pofika kumapeto kwa 2023, bungwe la UNHCR linkawerenga othawa ku Afghanistan okwana 6.4 miliyoni, ambiri ali ku Iran ndi Pakistan, mayiko amene tsopano akuwapirikitsa.

Dokotala ayenera kudziwa chifukwa kwa anthu ambiri oterewa chipatala sichinali malo obisalako. Pa 3 October 2015 ndege ya America inaphulitsa chipatala cha bungwe la MSF ku Kunduz, ndipo anthu 42 anafa. Pa 12 May 2020 zigawenga zinalowa m'wodi ya amayi oyembekezera ku Dasht-e-Barchi mu Kabul n'kupha anthu 24, mwa iwo amayi 16. Mayi wa kumeneko akamazengereza pakhomo la ku leba, si mwano. N'chimodzimodzi mayi wochokera ku Kivu, kum'mawa kwa Congo, kumene kugwirira kunasanduka chida cha nkhondo, mpaka Dr Denis Mukwege wa chipatala cha Panzi ku Bukavu analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cholimbana ndi nkhanza imeneyi. Mayi wotere akauzidwa mwaukali kuti "gonani apo, tambasulani miyendo," thupi lake limakumbuka zina.

Chinanso n'chakuti Afghanistan si mtundu umodzi. Kuli a Pashtun, a Tajik, a Hazara ndi a Uzbek. Ena amalankhula Dari, ena Pashto. Ambiri ndi a Sunni, koma a Hazara ambiri ndi a Shia. Kuloweza pepala limodzi la "chikhalidwe chawo" kuli ngati mzungu amene wauzidwa kuti Amalawi amavina gule wamkulu, ndiye akafunse mkulu wa mpingo wa St Michael and All Angels kuti dambwe lake lili kuti. Zolowezazo zimangothandiza kudziwa chofunsa. Yankho lili ndi wodwalayo.

Bwanji mayi akakana kupimidwa ndi dokotala wamwamuna?

Ku Afghanistan, makamaka kumidzi, mkazi sakhudzidwa ndi mwamuna amene si wake kapena mbale wake wapafupi, ndipo ambiri sapatsana naye ngakhale moni wa m'manja. A Taliban anasandutsa mwambowu lamulo: mkazi sayenda ulendo wautali popanda mwamuna womuperekeza. Mu December 2022 analetsa akazi ku yunivesite, ndipo mu December 2024 anatsekanso maphunziro a unamwino ndi uzamba kwa akazi. Ndiye mayi saloledwa kuonedwa ndi mwamuna, pamene mkazi woti amuone saloledwa kuphunzira. Nkhanza yake ili pamenepo.

Koma tisanaloze chala kutali, manyazi amenewa ndi athu omwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi, ndipo ku Limbe, ku Mpingwe ndi ku Bangwe sufunika kuwasaka. Si Asilamu okhanso. Gogo wa Mvano wochokera ku Chiradzulu amavutika mumtima kuvulira mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake, ngakhale atavala koti yoyera. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse, ndipo a MSF akhala akuthandiza odwala khansayi ku Queens kuyambira 2018. Zifukwa zimene amayi amafikira mochedwa n'zambiri, mtunda ndi ndalama ya minibasi zili momwemo, koma manyazi a kupimidwa nawonso ali pamndandanda.

Ndiye pachitike chiyani usiku pa chipatala chaching'ono pamene wogwira ntchito ndi mwamuna yekha? Choyamba, pempho la mayiyo lisasekedwe. Mawu aja akuti "nanga mimbayi munatenga ndi mkazi mnzanu?" amathamangitsa mayi mmodzi, iye n'kukathamangitsa anzake khumi kumpopi. Ngati wamkazi alipo, amuitane. Ngati palibe, amuuze zoona, amufotokozere chimene akufuna kupima ndi chifukwa chake, mkazi wina akhale pomwepo, katani atsekedwe, chitenje chifunde paliponse pamene sakupimapo. Akatswiri a malamulo a Chisilamu amavomereza kuti moyo ukakhala pachiswe, dokotala wamwamuna angathandize mkazi. Amayi ambiri amalola akaona kuti wawapempha, sanawalamule.

Womasulira akasowa, mwana kapena mwamuna wake sangamasulire?

Ndi zimene zimachitika, ndipo ndi pamene pamabisala zolakwika zambiri. Ana a othawa kwawo amagwira chinenero msanga kuposa makolo. Mtsikana wa ku Burundi wokulira kuno amalankhula Chichewa chopanda banga, ndiye aliyense amaona kuti vuto latha. Koma taganizirani mwana wa zaka 12 akufunsidwa kuti afunse amayi ake tsiku limene anasamba komaliza, kapena kuti awauze kuti magazi awo apezeka ndi kachilombo. Mwanayo amafewetsa mawu kapena kuwadumpha, mayinso amabisa zimene sangazitchule pamaso pa mwana wake. Mwamuna akamasulira, nkhani ya kulera ndi ya nkhanza za m'banja zimafera pakamwa pake. Mayi amene watupa diso sanganene chimene chinamutupitsa kudzera mwa amene anamumenya.

Ngakhale womasulira wachilendo ayenera kusankhidwa mwanzeru. Wa Dari sangathandize wa Pashto yekhayekha. M-Hazara angakhale chete pamaso pa womasulira amene akumuganizira kuti ndi wa mbali imene inazunza abale ake. Kwa anthu a ku Rwanda, Burundi ndi kum'mawa kwa Congo nkhani yake ndi yomweyo: awiri angamvane bwinobwino chinenero, koma wina akuopa mnzake. M'dera laling'ono lomwe aliyense amadziwa mnzake, wodwala amaopanso kuti chinsinsi chake chikafika kutchalitchi iye asanafike kunyumba. Funso losavuta lakuti "kodi muli omasuka kuti uyu atimasulire?" liyenera kufunsidwa womasulirayo atatuluka kaye.

Ku Queens vutoli silidikira wothawa kwawo. Chipatalachi, chimene chakhalapo kuyambira 1958 ndipo chili ndi mabedi opitirira 1,000, chimalandira otumizidwa kuchokera m'maboma ambiri a kummwera: gogo wa Chisena wa ku Nsanje, bambo wa Chiyao wa ku Makanjira, mayi wa ku Milange amene wawoloka pa Muloza. Ophunzira a ku KUHeS amaphunzira m'Chingerezi, amalemba m'faelo m'Chingerezi, amakambirana za wodwala pamutu pa bedi lake m'Chingerezi. Wodwalayo amangomva dzina lake likutchulidwa. Njira yotsika mtengo yodziwira ngati wamva si kufunsa kuti "mwamva?", pakuti Mmalawi waulemu amayankha "eya" nthawi zonse. Ndi kumupempha kuti abwereze yekha mmene akamwere mankhwalawo.

Pali tinthu tinanso ta pa pepala. Afghanistan ili ndi kalendala yake, moti chaka chimene chinayamba mu March 2021 kwa iwo chinali 1400. Khadi ya katemera yolembedwa 1398 si yabodza. Ambiri sadziwa tsiku lobadwa, ndipo mapepala awo amangolembedwa 1 January, zomwe zimaonekanso pa mapepala a othawa kwawo a mayiko ena. Kwa mwana, sikelo ndiyo inene mlingo wa mankhwala.

Nanga banja likati wodwala asauzidwe matenda ake, kapena tidikire wamkulu?

Mabanja ambiri a ku Afghanistan amaona kuti kuuza munthu kuti ali ndi khansa yosachizika n'kumupha kawiri, ndiye amapempha dokotala kuti auze mwana wamwamuna wamkulu kapena mwamuna wake. Kuno timazidziwa. Magadiyani amakokera adokotala pakhonde n'kunong'ona kuti "musawauze, angataye mtima." Pepala la opaleshoni limakhala osasainidwa chifukwa mwinimbumba ali ku Thyolo ndipo foni yake yazima.

Sindiona cholakwika kuti munthu afune kuganiza pamodzi ndi abale ake. Ndiwo adzamusambitse, ndiwo adzagule mankhwala akasowa ku famase ya boma. Cholakwika n'kulola abale kulanda mawu a mwini thupi. Munthu wamkulu wamutu wake ndiye asaine kapena kudinda chala. Njira yapakati ilipo: dokotala afunse wodwalayo payekha, zotsatira zisanabwere, kuti "zikatuluka mukufuna ndiuze inu, kapena pali wina amene mukufuna amve m'malo mwanu?" Akasankha kusamva, wasankha yekha. A ku Tiyanjane, amene amasamalira odwala matenda osachizika ku Queens, ntchito yawo yaikulu ndi makambirano oterewa. Koma mayi akutaya magazi ku wodi ya amayi ya Chatinkha, kudikira amalume ndi imfa, ndipo namwino ali ndi udindo wonena zimenezo mosapsatira.

Mwezi wa Ramazani wodwala amwe bwanji mankhwala?

Qur'an imalola wodwala ndi wapaulendo kusiya kufunga n'kudzabweza masikuwo pambuyo. Komabe ambiri amafunga, chifukwa kudya pamene nyumba yonse ikufunga kumawawa mumtima. Dokotala akangoti "musafunge" n'kutseka nkhani, wodwala amavomera, n'kukafunga mobisa, n'kusintha yekha nthawi ya mankhwala. Kuli bwino kukambirana mwezi usanayambe.

Mankhwala akumwa kamodzi patsiku, monga ma ARV ambiri a masiku ano, nthawi yake ingasunthidwe mogwirizana ndi achipatala kuti igwe pa futari kapena pa daku. Wa malungo amene ali pa LA, wakumwa kawiri patsiku ndi chakudya kwa masiku atatu, ndi wodwala ndithu, asafunge. Ovuta ndi a shuga, makamaka obaya insulin. Malangizo amene madokotala anagwirizana ndi akatswiri a Chisilamu amati shuga akatsika kupitirira 3.9 kapena kukwera kupitirira 16.6, munthu amasule pomwepo, ndiponso kuti kudzibaya chala poyeza shuga sikuononga kufunga. Mawu amenewa akachokera pakamwa pa shehe amalemera kuposa akachokera kwa namwino, n'chifukwa chake chipatala chanzeru chimadziwana ndi mzikiti woyandikana nawo.

Za nkhumba nazo zimafunsidwa. Makapisozi ena amakutidwa ndi gelatin, ndipo mankhwala ena oletsa magazi kuundana, monga heparin, amachokera ku nkhumba. Mu 1995 akatswiri a Chisilamu atakumana ku Kuwait anagamula kuti gelatin wasinthika kotheratu moti ndi wololedwa m'mankhwala. Si onse amatsatira chigamulocho, ndiye wofunsa ayankhidwe zoona.

Mankhwala achikuda ndi miyambo ya pa uchembere tizitani nayo?

Tiisiyanitse: ina ndi yabwino, ina ilibe vuto, ina imapha. Mayi wa ku Afghanistan akabereka amakhala m'nyumba masiku 40, akudya zakudya zimene amati n'zotenthetsa thupi ndi kupewa madzi ozizira. Ife tili ndi chikuta. Kupuma koteroko n'kwabwino, bola mwana asaphonye katemera ndipo mayi akatentha thupi athamangire kuchipatala. Kachithumwa ka pakhosi kapena mkuzi wa m'chiuno mwa mwana sizilimbana ndi jakisoni. Kuzidula mwachipongwe n'kungodzipangira mdani.

Zoopsa nazo zilipo. Wanja wakuda wotchedwa surma, amene amapaka m'maso mwa ana, kawirikawiri amakhala ndi mtovu umene umaononga ubongo. Ku Seattle ku America, a zaumoyo atafufuza chifukwa chimene ana a othawa ku Afghanistan anali ndi mtovu wambiri m'magazi, anapeza kuti ngakhale mapoto a aluminiyamu amene mabanjawo anabwera nawo ankatulutsa mtovu m'chakudya. Anazipeza chifukwa analowa m'makhitchini n'kufunsa. Kwathu kuno anamwino amadziwa za mwanamphepo, amene amayi ena amamwa kuti matenda afulumire, ndipo angachititse chiberekero kukoka mopitirira mpaka kung'ambika. Mayi amene akudziwa kuti akaulula atukwanidwa amakana kuti sanamwe kanthu, namwino n'kuwonjezera mankhwala ena okoka pamwamba pake. Boma linaletsa azamba akumudzi mu 2007, Bingu wa Mutharika n'kufewetsa chiletsocho mu 2010. Pakati pake ambiri sanasiye ntchito, anangolowa kuseri.

Bwanji za matenda a maganizo?

Wothawa nkhondo safika n'kunena kuti ali ndi nkhawa. Amati mutu sukusiya, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, BP yakwera. Amamuyeza malungo osapezeka, n'kumupatsa panado, mwezi wamawa wabweranso. Ku Afghanistan monga kuno, dzina la misala limaononga banja lonse mpaka ana aakazi kusowa owafunsira. Kuno mawu akuti "Zomba" okha amatseka pakamwa pa munthu.

Blantyre safunika kuphunzira zimenezi kwa alendo. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anapha anthu opitirira 600 m'dziko muno, enanso opitirira 500 osapezeka, ndipo matope a phiri la Soche anakwirira mabanja ku Chilobwe usiku. Alipo amene mpaka lero sagona mvula ikamagwa pa malata. Funso lotsegula pakamwa ndi lofanana kwa onse: mukugona bwanji, mukudya, mukuganiza chiyani usiku? Ndipo munthu asakakamizidwe kufotokoza zonse zimene anaona tsiku loyamba. Ena anazifotokoza kale kambirimbiri kwa a maofesi ofuna umboni, ndipo atopa.

Wodwala akamwalira?

Msilamu, wa ku Kandahar kapena wa ku Kanjedza, amaikidwa msanga, ngati n'kotheka tsiku lomwelo. Mwamuna amasambitsidwa ndi amuna, mkazi ndi akazi, n'kukulungidwa mu sanda. Abale safuna thupi ligonere ku mochale, safuna libayidwe mankhwala oumitsa, ndipo kung'amba mtembo amakuona ngati kuzunza malemu. Chimene chipatala chingachite n'kufulumiza mapepala, kufunda thupi lonse, ndi kufunsa abale asanalikhudze. Imfa ikakhala ya mlandu ndipo apolisi akufuna kuti thupi lipimidwe, lamulo limapambana, koma abale afotokozeredwe ndipo ntchitoyo isagone masiku.

Wothawa kwawo amafa kawiri pamenepa: alibe mudzi wotumizako uthenga, alibe manda a makolo. Kawirikawiri ndi mzikiti kapena mpingo umene umanyamula maliro otere. Nambala za foni za anthu amenewo ziyenera kukhala pa khoma la ofesi ya asisitala, osati kuyamba kuzisaka munthu atamwalira kale.

Kodi kulemekeza chikhalidwe ndiye kuvomera chilichonse?

Ayi. Wa Mboni za Yehova wamkulu akakana magazi atamvetsa zotsatira zake, thupi ndi lake, ngakhale dokotala aziwawidwa mtima. Mwana ndi nkhani ina. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limaika ubwino wa mwana patsogolo, ndipo chikhulupiriro cha kholo si chilolezo choti mwana afe. Mtsikana wokwatiwa asanakwane zaka 18, kaya mwambo wakwawo ukuti chiyani, ndi mwana pamaso pa malamulo a dziko lino.

Koma kukakamiza kuli ndi mtengo wake. Chikuku cha 2010 chinagwira anthu opitirira 130,000 m'dziko muno n'kupha pafupifupi 300, ndipo a mipingo ina ya Apositoli ndi Ziyoni anakana katemera, ena n'kuthawira nawo ana kutchire. Ku Pakistan mu 2011 a CIA anagwiritsa ntchito katemera wachinyengo posaka Osama bin Laden ku Abbottabad. Zitaululika, opereka katemera wa poliyo anayamba kuphedwa, ndipo mphekesera zakuti katemera ndi chiwembu zinapeza umboni. Ifenso tikukumbuka 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufika mu Blantyre muno, anthu osalakwa n'kuphedwa, a United Nations n'kuchotsa antchito awo ku Mulanje ndi Phalombe. Wachipatala wonyamula botolo la magazi anali pangozi. Anthu akasiya kukhulupirira chipatala, sipakhala wapolisi wokwanira kuwabweza.

Wothawa kwawo wokhala mu Blantyre angapite kuchipatala cha boma?

Apa ndi pamene nkhani ya chikhalidwe imachepa, n'kutsala ya mantha. Malawi anavomera pangano la 1951 la othawa kwawo koma anakana mbali zina, monga ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, ndipo lamulo lathu la 1989 likadali pomwepo. Pa 27 March 2023 boma linalamula kuti onse okhala kunja kwa msasa abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 April. Kuyambira pa 17 May apolisi ndi asilikali anayamba kugwira anthu ku Lilongwe, ana omwe, n'kuwasunga kaye ku ndende ya Maula, ndipo ntchitoyi inafalikira m'maboma ena. Ambiri anali aja timangowatcha "Maburundi", a timaokala ta m'makwalala, ena atakhala nafe zaka zambiri. Chaka chomwecho a WFP anadula pakati thandizo la chakudya ku Dzaleka. Odwala a kumsasako amayambira pa chipatala chaching'ono cha pomwepo, chimene chimathandizanso midzi yozungulira, n'kutumizidwa ku Dowa kapena ku Kamuzu Central.

Amene anatsala m'tauni amaganiza kawiri asanapite pamalo pofunsidwa dzina, mudzi ndi mfumu. Amagula mankhwala pa golosale, amabwera matenda atakula. Wa TB wobisala amatsokomolera m'minibasi ya ku Limbe imene tonse timakwera. Ndipo akagonekedwa amakumana ndi vuto limene Mmalawi saliganizira: chipatala chathu chimayenda ndi gadiyani. Ndiye amasambitsa, amatula chikodzo, amaphika phala, amathamangira namwino diripi ikatha. Wopanda mbale amadalira chifundo cha gadiyani wa bedi loyandikana nalo, chimene nthawi zambiri chimapezeka, koma si dongosolo.

Dziko lino linasungapo anthu a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni nkhondo ya kwawo isanathe mu 1992, ndipo mu December 2024 ena zikwizikwi anawolokeranso ku Nsanje ndi Chikwawa. Nafenso tinathawapo: a Mboni za Yehova, ataletsedwa mu 1967, anakhamukira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972. Lero abale athu ali ku Joni. Mu August 2022 Phophi Ramathuba, mkulu wa zaumoyo m'chigawo cha Limpopo pa nthawiyo, anajambulidwa akukalipira mayi wa ku Zimbabwe ali pabedi, ndipo a gulu la Operation Dudula akhala akuima pa zipata za zipatala kubweza alendo. Tikaona makanema amenewo pa WhatsApp timapsa mtima, ndipo n'koyenera.

Namwino mmodzi ali ndi odwala makumi angapo. Zonsezi si za mayiko olemera?

Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo wolifunsa asanyozedwe. Ku Canada amaimba foni womasulira n'kupezeka pomwepo. Ku Zingwangwa namwino amayamba tsiku mzere utafika kale pamsewu, magolovesi akuperewera. Munthu wotopa sachedwa kukalipa. Wodzudzula anamwino osatchula kuchuluka kwa ntchito yawo akunena theka la nkhani.

Koma kuthamanga kosamvana nako kumadya nthawi. Wodwala amene sanamve kamwedwe ka mankhwala abweranso sabata yamawa atafooka, n'kutenga bedi. Mayi amene anachititsidwa manyazi kusikelo akaberekera kunyumba, n'kubwera pa ambulansi. Zambiri mwa zimene tatchulazi sizifuna bajeti: moni, kutchula dzina lako, kupempha usanakhudze, kukoka katani, kusafuula matenda a munthu pagulu. Zofuna ndalama pang'ono ndi monga kukhala ndi mndandanda wa antchito a pachipatala amene amalankhula Chiyao, Chisena, Chilomwe, Chipwitikizi, Chiswahili kapena Chifalansa. Alipo kale, ena ndi okolopa, ena ndi alonda. Chofunika n'kuwaphunzitsa kusunga chinsinsi ndi kuwazindikira pa ntchitoyo. Ku Dzaleka kulinso anamwino ndi aphunzitsi amene lamulo silikuwalola kugwira ntchito, pamene akanakhala omasulira abwino. Kuyambira 2018 zipatala za boma zili ndi ombudsman wolandira madandaulo, koma wodandaula ayenera kudziwa kuti ofesiyo ilipo ndi kupeza womumva m'chinenero chake.

Chinthu chimodzi chingayambe mawa. Wodwala aliyense amayenda ndi buku lake la kuchipatala. Namwino woyamba kumuona atalemba pachikuto ndi bolopeni chinenero chimene munthuyo amamva bwino, ndiponso ngati akufuna kupimidwa ndi wamkazi, wa ku Queens amene adzalandire bukulo pakati pa usiku sadzayambiranso kufunsa ndi manja.